Kwathu ku Zomba ndinagona tulo: kodi ndisiye ntchito ya ku Limbe ndibwerere?

Funso

Alangizi, ndine bambo wa zaka 44. Ndimakhala ku Chilomoni, ntchito ndimagwira ku Limbe, yowerengera ndalama pa kampani ina. Ndinakulira ku Zomba cha ku Chinamwali, ndipo ndinachokako nditangolemba mayeso a Fomu 4. Mu August ndinatenga tchuthi kukamanga chiliza cha malemu mayi anga, ndipo ndinakhalako mlungu wathunthu kwa achemwali anga. Sindikumbuka chaka chimene ndinagona tulo tabwino ngati ta kumeneko. Mutu umene umandiwawa tsiku ndi tsiku unasiya. Anthu kumeneko sathamanga, akapatsana moni amaima n'kucheza. Pobwerera, nditangotsika basi pa Limbe, mtima unayamba kugunda mothamanga. Tsopano ndikufuna kusiya ntchito, nditenge ndalama za penshoni ndikayambe ulimi ndi kagolosale kwathu. Amalume akuti malo alipo. Akazi anga, amene amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, akuti ndapenga. Ana tili nawo atatu, wamkulu ali Fomu 3. Kodi ndalakwa kufuna moyo wofatsa? Paja amati kwanu nkwanu.

Wotopa, Chilomoni

Yankho

Bambo, simunapenge, ndipo mukawauze mayi akunyumba kuti ndatero ndine. Koma musathamangire kukawauza kuti alangizi ali mbali yanu, chifukwa mantha awowo ali ndi mutu. Nkhani ngati yanuyi ndimaimva kawirikawiri, makamaka kuyambira August mpaka October pamene anthu amapita kumudzi kukamanga ziliza, komanso mu January akabwerako ku Khirisimasi. Ambiri amakhala a msinkhu wanu womwewu, wina kwawo ku Mulanje, wina ku Ntcheu, wina ku Nkhata Bay, ndipo onse amayamba ndi tulo. Tuloto sindikutitsutsa. Thupi lanu lakuuzani zoona, kuti mmene mukukhalira panopa mukudzipweteka. Chimene ndikukayika n'chakuti amene anakugonetsani ndi Zomba.

Taubwerezani mlungu umenewo m'mutu mwanu. Anakudzutsani ndani m'mawa? Madzi osamba anatenthetsa ndani? Nsima inkakupezani pamphasa, koma chimanga chake anakagayitsa ndani, makala anagula ndani? Abwana sankaimba foni chifukwa munali pa tchuthi. Lendi ya ku Chilomoni munali mutalipira, malipiro a mwezi umenewo ankabwera ngakhale munali chigonere. Munafika ndi shuga, sopo ndi mafuta ophikira, ndipo ana a pamudzi ankalimbirana kunyamula chikwama cha amalume a ku tauni. Munali mlendo, ndipo paja mlendo ndi mame. Amamuphera nkhuku podziwa kuti sakhalitsa. Mukanatenga mlungu womwewo n'kukakhala kwa mnzanu ku Thyolo, foni ili yozima, wina akukuphikirani, ndikukhulupirira kuti mutu ukanasiyanso kuwawa.

Mukadzapitanso mudzawafunse achemwali anuwo muli awiriwiri ngati iwo moyo wa ku Chinamwali amauona wofatsa. Mwina adzangoseka. Mayi amene amalawirira kukapikula tomato tambala asanalire, amene akusakasaka ya feteleza mvula isanagwe, amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, nayenso ali pa mpikisano, kungoti kwawoko kulibe hutala ya minibasi yoti imveke. Mlungu umene inu munapuma, iwo ndi amene ankathamanga m'malo mwanu.

Palinso china chimene sindikufuna tichilumphe. Simunapite ku Zomba kukaona malo, munapita kukamanga chiliza cha mayi anu. Munthu akakwaniritsa udindo umenewu mtima umakhala pansi, makamaka mwana wamwamuna amene wakhala akudziimba mlandu kuti manda a mayi akadali opanda mwala. Abale anasonkhana, munakumbutsana za kale, mwina munalira misozi imene pa tsiku la maliro munalibe mpata woilira chifukwa munali kalikiliki ndi bokosi, galimoto ndi chakudya cha anthu. Kupepuka kumeneko n'kwa maliro amene atha bwino. Ndipo Zomba imene mtima wanu ukuifuna ndi ija ya mnyamata wa Fomu 4, amene sankadziwa mtengo wa thumba la chimanga, amene akabwera kusukulu ankapeza mayi ake pakhomo. Mukasamuka mudzapeza phiri lili pomwepo, mitengo ya m'misewu ili pomwepo, koma mayi kulibe, ndipo anzanu ambiri a nthawi imeneyo ali kuno ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Joni kapena kumanda. Ndaona abambo amene anabwerera kwawo n'kukasungulumwa kuposa mmene ankasungulumwira m'tauni.

Tsopano tikambe za matauni awiriwa, chifukwa kusiyana kwake si kwa m'mutu mwanu mokha ayi, kulipodi ndipo kuli ndi zifukwa zake.

Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe. Maunduna atachoka, tauniyo inatsala ndi yunivesite, asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, ndende, zipatala, ndi maofesi ochepa monga MANEB ndi ofesi ya kalembera ya NSO. Mafakitale akuluakulu kulibe. Ndiye ndalama ya ku Zomba ndi ya anthu olandira pakutha pa mwezi ndi ya ophunzira. Funsani eni nyumba ndi eni mashopu a ku Chikanda mmene zimakhalira yunivesite ya Chanco ikatseka. Pa kalembera wa 2018, mzinda wa Zomba unali ndi anthu pafupifupi 105,000 pamene mzinda wa Blantyre unali ndi pafupifupi 800,000. Inu ndinu wowerengera ndalama, manambalawa akuyankhuleni. Kuchepa kwa anthu kumene kunakupatsani mtendere pamsewu n'komwenso kudzakusowetseni ogula mukadzakhala kuseri kwa kauntala ya golosale.

Blantyre ndi yamalonda chiyambire. Amishoni a ku Scotland anafika mu 1876, ndipo pasanapite nthawi amalonda a African Lakes anatsatira, n'kumanga nyumba ya Mandala ija mu 1882. Limbe inakula payokha chifukwa cha njanji ndi fodya, ndipo matauni awiriwa anawaphatikiza mu 1956. Mbiri imeneyi ndi imene ikukudyerani tulo lero. Mzinda uno uli ndi mitima iwiri, Blantyre ndi Limbe, yolumikizidwa kwenikweni ndi msewu umodzi wa Masauko Chipembere, pamene malo okhala anthu anamwazikana m'mphepete mwa mapiri a Michiru, Ndirande, Soche ndi Bangwe. Munthu wa ku Chilomoni wogwira ntchito ku Limbe amadutsa mzinda wonse kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa, minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera, kudikira kuti idzaze, kuima pa Ginnery Corner, kuimanso pa Chichiri. Onjezani nkhani ya madzi. Madzi ambiri a mu Blantyre amachita kupopa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry, kukwera mtunda wautali ndi mphamvu ya magetsi, n'chifukwa chake m'madera okwera anthu ena amadzuka pakati pa usiku kutunga madzi mpopi ukayamba kudontha. Ku Zomba madzi amatsika okha kuchokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri. Zinthu ngati zimenezi zimasiyanitsadi tsiku la munthu.

Komabe liwiro limayenderanso kumene munthu wachokera. Achinyamata amene amabwera kuchokera ku Johannesburg amandidandaulira zosiyana ndi zanu. Iwo amati Blantyre ndi yogona, pofika 8 koloko usiku m'tauni muli zii, chilichonse chimafuna mawa. Tauni yomweyi imene ikukuthamangitsani mtima, wina ikumutopetsa ndi kuchedwa.

N'chifukwa chake ndisanamve zoti musamuke, ndikufuna mudziwe chenicheni chimene chikukuthamangitsani. Tengani kope, kwa milungu iwiri muzilemba nthawi imene mwadzuka, imene mwafika kuntchito, imene mwaweruka, imene mwalowa m'nyumba, ndi chimene chinali m'mutu mwanu pamene tulo tinakana kubwera. Anthu ambiri akachita zimenezi amadabwa. Amapeza kuti chimene ankachitcha Blantyre ndi zinthu zingapo zosiyana: ulendo wa tsiku ndi tsiku, abwana amene amaimba foni Lamlungu, ngongole ya kubanki kapena ya katapila, banki m'khonde ya mayi imene tsiku lake layandikira, ndi abale akumudzi amene amangofulasha kuti muwaimbire. Ndiye muyang'ane mndandandawo mudzifunse kuti n'ziti zimene zidzatsale pa Limbe mukadzakwera basi ya ku Zomba. Ulendo udzatsala, abwana adzatsala. Ngongole idzakwera nanu basi yomweyo. Fizi ya ana atatu idzakwera nanu. Abale aja m'malo mofulasha adzayamba kugogoda pachitseko.

Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Moyo wofatsa uli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi wakuti nthawi yanu imasiya kukhala yanu. Ku Chilomoni maliro akachitika kwa aneba mumapita kukapepesa madzulo, mumasonkha, m'mawa mumapita kuntchito ndipo palibe amene amakuonani zachilendo. Kwanu maliro akagwa simutsegula golosale, simupita kumunda, mumakakhala pa siwa mpaka mwambo utatha, ndipo mukajomba kawiri katatu anthu amasunga mumtima kudikira tsiku lanu. Zinkhoswe, milandu ya kwa amfumu, misonkhano ya chitukuko, odwala ofuna kuperekezedwa kuchipatala, zonsezi zidzafuna inu, poti ndinu wophunzira ndipo mwachokera kutauni. Kucheza kuja kumene munakukonda, kwa munthu kuima pamsewu osayang'ana wotchi, n'kokoma kwa amene ali pa tchuthi. Kwa amene akufuna kukafika ku banki isanatseke, nkhani imakhala ina.

Za golosale ndinene mosabisa. Magolosale ambiri a anthu obwerera kwawo safa chifukwa chosowa ogula, amafa ndi kabuku ka ngongole. Azakhali atenga shuga kuti adzapereka akagulitsa nandolo, msuweni watenga sopo ndi mafuta, aphunzitsi akuti pa 27. Inu simungakane chifukwa ndi anthu amene anakulerani, ndipo mukakana dzina lanu limasanduka wonyada wa kutauni. Pakutha pa miyezi ingapo mashelefu ali mbee, kabuku kadzaza. Munthu wachilendo amachita bwino pa malonda kuposa mwana wa pamudzi pa chifukwa chimenechi basi.

Sindikunyoza Zomba ayi. Pa anthu onse amene amandifunsa funso ili, inu muli pabwino. Kwanu si kumudzi kwa kutali ndi msewu. Ndi mzinda, uli ndi chipatala chachikulu cha Zomba Central, masukulu abwino, mabanki, nyengo yozizira bwino, mpunga ndi matemba zochokera ku chigwa cha Chilwa, ndiwo zamasamba za pa Thondwe, ndipo kuchoka pa Limbe ndi makilomita osapitirira 70 pa msewu wa tala. Malo mwasankha bwino. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi njira imene mukufuna kupitira.

Tiyambe ndi penshoni. Malamulo a dziko lino amati abwana aziika ndalama yosachepera 10 peresenti ya malipiro anu ku thumba la penshoni, inu 5 peresenti. Koma ndalama imeneyo si ya mu akaunti yoti mungangopita kukatapa yonse chifukwa mwatopa. Munthu amene wasiya ntchito asanafike popuma amakhala ndi malire pa zimene angatenge komanso nthawi yodikira. Musamve za pa bawo. Pitani kwa amene amasunga penshoni yanu akupatseni sitetimenti, ndipo akulembereni kuti mutasiya ntchito lero mungalandire zingati, liti. Dziwaninso kuti wosiya ntchito mwa kufuna kwake salandira ndalama ya severance imene amalandira munthu wochotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito. Ngati kampani imakulipirirani sikimu ya chipatala, imathera tsiku lomwelo, pamodzi ndi ya mayi ndi ana. Ngati muli ndi ngongole imene banki imadula kumalipiro, banki sidzaiwala.

Ndiyeno ndalama ya m'manja imasungunuka. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene analandira ndalama zawo zonse nthawi imodzi zimenezi zisanachitike, n'kumadya pang'onopang'ono akudikira kuti bizinesi igwire, mukawafunsa lero amangopukusa mutu. Malipiro a pamwezi ngakhale achepe amabwera mwezi uliwonse, ndipo nthawi zina amakwezedwa. Ulimi wodalira mvula umalipira kamodzi pachaka, mvulayo ikafuna. Kumbukirani namondwe Freddy mu March 2023, ndi ng'amba ya chaka chotsatira imene inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Nyanja ya Chilwa nayo imaphwa, mbali yaikulu inaphwa mu 2018. Alimi enieni amapirira zaka zoterezi chifukwa ali ndi mbuzi, dimba, ndi luso la zaka zambiri. Inu khasu munaligwira komaliza muli mnyamata.

Mawu a amalume akuti malo alipo ndi okoma, koma afunseni kuti malowo ndi a yani. Mabanja ambiri a m'boma la Zomba, Ayao, Alomwe ndi Anyanja, amatsata kuchikazi. Munda wa mayi anu ndi wa mbumba, kutanthauza achemwali anu ndi ana awo. Amalume monga mwinimbumba akhoza kukulozerani polima, ndipo palibe adzakuletseni muli moyo. Koma ana anu pamenepo si pawo, kwawo ndi kwa mayi awo. Ndakhala ndi amayi amasiye m'chipinda changa akulira kuti nyumba ya malata imene anamanga ndi amuna awo pa malo a apongozi yatengedwa ndi alamu maliro atangotha. Si kuti abale anu ndi oipa, mwambo ndi umene umatero. Ngati mukufuna kumanga, gulani malo anuanu, polembapo dzina lanu ndi la akazi anu. Akakhala mkati mwa mzinda, kafufuzeni ku khonsolo ndi ku ofesi ya za malo musanapereke ndalama. Akakhala a kwa amfumu, lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo oterowo, ndipo kakalata ka amfumu kokha musakadalire, chifukwa malo amodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nkhani yachilendo.

Tifike kwa mayi akunyumba. Inu mukuti kwanu nkwanu, koma kwanuko si kwawo. Mukuwapempha kuti asiye benchi imene anaivutikira mumsika wa Limbe, makasitomala amene amawadziwa ndi dzina, ndi mashopu a mabelo amene ali pafupi, apite akakhale pakati pa alamu awo kudera kumene mwambo wake mwamuna ndi amene amapita kwa mkazi. Mukasiya ntchito, bizinesi yawoyo ndi imene ingadyetse banja, ndiye mukufuna muisiyitsenso tsiku lomwelo. Mawu akuti mwapenga ndi owawa, koma pansi pake pali funso labwino: tikadya chiyani? Ndipo mwana wa Fomu 3 ali pakati pa silabasi ya MSCE. Kumusuntha pano n'kumusokoneza pa chaka chimene chimafunika bata kuposa zaka zonse.

Ndikuganiza kuti nkhaniyi munaiyambira kumapeto. Munafika kunyumba ndi chigamulo, iwo n'kuyankha chigamulocho. Kayambireni poyambira. Auzeni kuti mwatopa, kuti mutu umakuwawani tsiku lililonse, kuti mwawasowa mayi anu. Abambo ambiri zimawavuta kunena mawu amenewa, amaona chapafupi kunena kuti ndikusiya ntchito kusiyana n'kunena kuti ndikuvutika. Musathamangire kwa ankhoswe, iyi si ndewu. Ankhoswe adzafunike pokhapokha ngati mwayesa kukambirana kangapo ndipo nthawi zonse zikuthera m'kukalipirana.

Nanga muchite chiyani? Chinthu choyamba chili pafupi kwambiri moti simunachione. Nonse awiri mumagwira ntchito ku Limbe, koma mumagona ku Chilomoni. Chifukwa chiyani? Ngati nyumbayo ndi ya lendi, yambani kufunsa za nyumba ku Kanjedza, Chinyonga, Kachere, Bangwe kapena Chigumula. Mwina lendi idzakwerako, koma werengani ndalama ya minibasi zinayi pa tsiku kwa anthu awiri, muchulukitse ndi masiku a pamwezi, muone. Ola limodzi lowonjezera la tulo m'mawa ndi kufika pakhomo kusanade zimasintha munthu kuposa mmene mungaganizire. Ngati nyumbayo ndi yanu, mukhoza kuikamo wa lendi inu n'kukachita lendi mbali inayo. Muyang'ane kaye za sukulu za ana, wa Fomu 3 asasinthe sukulu. Ndipo Kachere ali pa msewu wa ku Zomba womwewo, Loweruka mukhoza kukadya nkhomaliro kwa achemwali n'kubwerako.

Chachiwiri, kaiyeseni Zomba mwachilungamo. Lamulo la ntchito limakupatsani masiku a tchuthi osachepera 15 pachaka ngati mumagwira masiku asanu pa mlungu, kapena 18 ngati mumagwira asanu ndi limodzi. Tengani milungu iwiri mu February, osati mu August pamene nkhokwe zili zodzaza. Mupite nthawi imene chimanga chakwera mtengo, matope ali m'njira, udzu ukufuna kupalira, ndipo aliyense akupempha. Musanyamule mphatso. Mudzigulire chakudya, mudziphikire, mudzuke m'mawa mukagwire ntchito m'munda umene amalume akunenawo. Mupeze munthu wa golosale amene si m'bale wanu mukhale naye tsiku lonse pakati pa mwezi, muwerenge olowa, muwerengenso olipira kashi. Mukabwerako mukuifunabe Zomba, pamenepo ndidzakhulupirira kuti ndi Zomba imene mukuifuna.

Ena amasankha kukhala ku Zomba n'kumagwira ntchito ku Blantyre, kulawira m'mawa kubwerera madzulo. Zimatheka, makamaka kwa amene ali ndi galimoto n'kumasonkherana mafuta ndi anzawo. Kwa inu sindikulimbikitsa. Mukuthawa ulendo wautali, ndiye musakauwonjezere, ndipo mafuta akasowa m'dziko muno mudzavutika kawiri.

Njira imene ndaona ikuwayendera bwino anthu ndi yopita pang'onopang'ono. Amadzipatsa zaka zitatu kapena zisanu. Amagula malo akadali pa ntchito, amamanga chipinda chimodzi chimodzi, amayesa ekala imodzi ya chimanga kapena khola la nkhuku, n'kumalemba ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka kuti aone ngati ulimiwo ukubweza. Woyang'anira, ngakhale akhale mchemwali, amamulipira, kuti pasakhale kudandaulirana. Amatha kaye ngongole. Amasunga ndalama yokwanira kudyetsa banja chaka chathunthu popanda kudalira munda. Ndipo amene zinawayendera bwino koposa ndi amene anapita ku tauni yaing'ono ndi luso lawo lomwelo. Inu mumadziwa mabuku a ndalama. Ku Zomba kuli masukulu a pulaiveti, mabungwe, malo ogona alendo, makoparetivu a alimi, ndipo onsewa amafuna munthu wodziwa kusunga mabuku ndi kuwerengera misonkho. Kupeza ntchito yoteroyo kaye kenako n'kusamuka n'kwanzeru kuposa kukasanduka mlimi ndi wamalonda tsiku limodzi pa zaka 44. Pofika nthawi imeneyo wamkulu adzakhala atalemba mayeso, ndipo mayi adzakhala ataona ndi maso awo ngati kaunjika angayende pa msika wa Zomba.

Pakadali pano musadikire kusamuka kuti mupume. Phiri la Michiru lili kuseri kwa nyumba yanu, munakwerako liti? Sankhani tsiku limodzi pa mlungu limene foni ya kuntchito simuyankha, ndipo muwauze abwana mwaulemu zisanachitike. Abale akumudzi muwaikire ndalama yodziwika pamwezi, yopita kwa munthu mmodzi, m'malo moti aliyense azikupezani payekha.

Tsopano za thupi lanu, ndipo izi musazengereze nazo mpaka February. Mutu wowawa tsiku ndi tsiku ndi mtima wothamanga pa msinkhu wanu zimafuna kuyezetsa. Pitani pa chipatala chaching'ono cha Chilomoni kapena cha Limbe mlungu uno akakuyezeni BP ndi shuga, ndipo poti mumakhalira kuyang'ana manambala pa kompyuta, mukayezetsenso maso. BP ya 140/90 kapena kuposa apo, ikapezeka kangapo, ndi yokwera, ndipo kusamukira ku Zomba sikungalowe m'malo mwa mankhwala. Mukadzamva kupweteka pachifuwa, kubanika, dzanzi kapena kufooka mbali imodzi ya thupi, kulephera kuyankhula bwino, kapena mutu woopsa wobwera mwadzidzidzi, musadikire kuche, pitani ku Queens nthawi yomweyo.

Dziyang'aneninso mumtima. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposa mwakhala osasangalala ndi chilichonse, ngakhale mpira kapena ana anu, mukudzuka usiku osagonanso, chakudya sichikulowa, mukupsa mtima ndi zazing'ono, kapena mowa wayamba kuchuluka kuti mupeze tulo, amenewo akhoza kukhala matenda a nkhawa kapena okhumudwa. Ndi matenda ngati ena onse, amachizika, ndipo munthu amene ali nawo amaona ngati kuthawa ndiko mankhwala. Ku Queens kuli madokotala ndi anamwino a za maganizo, ndipo a pa chipatala chaching'ono akhoza kukutumizani kumeneko. Abusa kapena ashehe amene mumawakhulupirira angakuthandizeni pa za chisoni cha mayi, koma asalowe m'malo mwa chipatala. Ngati maganizo oti kuli bwino kungofa anakufikiranipo, ngakhale kamodzi, muuzeni munthu lero lomwe, akazi anu kapena mnzanu wapamtima, ndipo akuperekezeni kuchipatala. Abambo ambiri tawataya m'dziko muno chifukwa chosunga zinthu zoterezi m'mimba.

Anthu amene ndimawalangiza ndimawapempha kuti asasaine kalata yosiya ntchito, yogulitsa nyumba kapena yothetsa banja pa nthawi imene sakugona. Inunso ndikukupemphani chomwecho. Pokayezetsa BP, musalole kuyezedwa mutangotsika minibasi muli wefuwefu. Khalani pansi mphindi zisanu kaye, mukayezetse masiku osiyana kawiri kapena katatu, manambalawo muwalembe m'kope lija. Akakupatsani mankhwala musadzawasiye chifukwa mutu wasiya kuwawa, ndipo ulendo woyambawo mupite ndi mayi akunyumba kuti zimene adokotala anene akamve okha.